Ulendo wa tsiku la anakubala: Senga Bay kapena Cape Maclear?

A Tcheya: Moni nonse. Monga tinagwirizana pa banki m'khonde yathu Lamlungu lapitali, ndalama za zindapusa ndi zija za padzidzidzi zotsala zitipititse kunyanja pa 15 Okutobala. Maganizo abwera awiri. Ena akuti Senga Bay monga mwa masiku onse, ena akuti chaka chino tikafike ku Cape Maclear ku Mangochi, kumene kuli paki ya Lake Malawi. Yankhulani pompano, pofika Lachisanu tikhale titamanga chimodzi.

A Msungichuma: Ine ndiyambe ndi kukuopsezani. Ku Senga Bay timadzuka m'mawa, madzulo tili kuno ku Area 49, palibe zogona. Ku Cape Maclear ndi maola anayi kapena asanu kupita kokha pa kosita yodzaza, ndiye kugona sikungalephereke. Onjezani mafuta, chakudya, pageti ndi boti. Thumba lathu silifika pamenepo popanda kusonkha.

Make Tadala: Nanga tivutikiranji? Nyanja ndi nyanja basi. Madzi a ku Salima ndi a ku Mangochi ndi amodzi omwewo. Ana akasambe, ife tiwotche nyama, tibwerere.

Mnyamata wa Sipika: Amayi anena zoona. Ine kwanga n'kunyamula zoimbira, kulikonse mungasankhe.

Aphunzitsi: Make Tadala, madzi ndi amodzi koma zimene zili m'madzimo si zimodzi. Ku Senga Bay kumene timapita kuja pansi ndi mchenga wokhawokha, ukamira umangoona mapazi a anzako. Ku Cape Maclear kuli miyala ndi zilumba, ndipo m'miyalamo ndi mmene mumakhala mbuna, tinsomba tamitundumitundu timene tinachititsa kuti boma likhazikitse pakiyi mu 1980. Mu 1984 a UNESCO anaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Si chifukwa cha njovu kapena mikango ngati ku Liwonde ndi ku Majete ayi, ndi chifukwa cha tinsombato. Pakiyo ndi yaing'ono, masikweya kilomita 94 okha, koma nyanja yathuyi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere.

Make Tadala: Aphunzitsi mwayamba kalasi. Timadya timbunato?

Aphunzitsi: Sitikupita kukadya, mayi, tikupita kukaona. Chodabwitsa chake n'chakuti mbuna sizikonda kuchoka pa miyala yake. Zimadya ndere zomera pamwala, zimaswana pomwepo, ndipo siziwoloka mchenga wautali kapena madzi akuya. Ndiye chilumba chilichonse chinatsala ndi mitundu yakeyake. Zina zimene mungaone ku Thumbi simukazipeza ku Maleri, ngakhale nyanja ndi imodzi. Yaikazi ikaikira mazira imawatola n'kuwasunga m'kamwa pafupifupi masabata atatu, osadya kwenikweni, mpaka ana ataswa. Mtundu wina ukatha pa chilumba chake ndiye kuti watha padziko lonse, palibe kwina kokautenga.

Anaphiri: Ine ndinapitako ndi a kuntchito, ndipo ndikuuzeni momwe zinandikhalira. Anatitengera pa boti la injini kupita ku Thumbi West, chilumba chimene chimaonekera ukaima pagombe pa Chembe. Ine kusambira sindidziwa, ndiye anandiveka jekete loyandamitsa, magalasi oonera pansi pamadzi ndi kapaipi kopumira, n'kundiuza kuti ndigwire chingwe cha boti ndingoviika nkhope. Abale! Pamwamba ukuona madzi wamba, koma ukangoviika zimakhala ngati wina wamasula mtolo wa zitenje pansi pamadzi, za buluu, zachikasu, zamizeremizere yakuda. Sizithawa munthu. Zina zinkabwera kudzandijompha pa zala, kumva kunyerenyesa. Kamodzi kabuluu kanali ndi mphako yake pamwala, kakuthamangitsa kalikonse kofika pafupi, ngakhale zazikulu kuposa iko. Ndinaiwala zoti ndimaopa madzi, mpaka msana unapsa ndi dzuwa.

Make Tadala: Inuyo Anaphiri, amene mumakuwa madzi akafika m'maondo?

Anaphiri: Ineyo ndithu asisi. Pobwerera mnyamata wa boti analiza likhweru n'kuponya nsomba pamadzi. Nkhwazi inachoka mumtengo pachilumbapo, inatsika mapiko ali tambasu, miyendo kutsogolo, n'kuitola nsombayo osanyowa ndi thupi lomwe. Madala amene tinali nawo anangoti iyi ndiye ili pamwamba pa chizindikiro cha boma ija.

A Msungichuma: Zokoma zonsezo zili ndi mtengo wake, musaiwale.

Anamwino: Ndisanavote ndinene za likodzo, chifukwa ndikudziwa kuti wina afunsa mochedwa. Ku Cape Maclear likodzo liliko, makamaka m'madzi osaya a kufupi ndi mudzi ndi m'mabango, kumene kumakhala nkhono zimene zimasunga tizilombo take. Tizilomboto timalowa pakhungu, sikuti mpaka umwe madziwo. Ku miyala ya kuzilumba, kumene madzi ndi akuya ndipo amayenda, chiopsezo n'chochepa koma sindinganene kuti palibiretu. Ndipo ku Salima nakonso musamadzinamize kuti kulibe.

Make Tadala: Mwamva? Ana anga akabwere akukodza magazi chifukwa cha tinsomba?

Anamwino: Musathawe msanga mayi. Mankhwala alipo, praziquantel, omwe aja ana amalandira kusukulu. Amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa munthu. Chimene anthu amalakwitsa n'kumwa tsiku lomwe abwera kunyanja. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zikakula, ndiye muyenera kudikira masabata 6 mpaka 8, kenako mupite kuchipatala akakuyezeni kapena akakupatseni. Ineyo ndidzakukumbutsani pagulu pano kumayambiriro kwa Disembala. Chimene ndimaopa kwambiri si likodzo koma malungo ndi kumira. Aliyense agone mu neti, ndipo mwana asakwere boti opanda jekete, ngakhale mwini boti anene kuti ndi pafupi.

Adalaivala: Za msewu ndinene ine. Njira yachidule ndi ya Dedza. Tidutsa Nathenje, Linthipe, Dedza, pa Bembeke tigule mbatatesi ndi kabichi, kenako pa Masasa tikhotere kumanzere kutsika Khwekhwerere mpaka pa Golomoti. Kuchoka apo ndi msewu wa ku Monkey Bay. Tisanalowe m'tauni ya Monkey Bay pali mphambano, n'kuyenda makilomita ngati 18 m'mapiri kukafika ku Chembe. Ina ndi yodzera ku Salima n'kutsata msewu wa m'mbali mwa nyanja, koma ndi yozungulira. Pa Khwekhwerere sipofuna kosita yotopa mabuleki, ndipo sindikufuna kutsika kapena kukwera pamenepo usiku. Mafuta tithire okwanira konkuno, tisakadalire kuti tikawapeza kutsogolo.

Agogo a Mvano: Ana anga, ngati mukupita ku Cape Maclear ine mundilembe, ngakhale m'madzimo sindilowa. Kumeneko ndi kumene mishoni ya Livingstonia inayambira. A Dr Robert Laws ndi anzawo anafika ndi sitima ya Ilala mu Okutobala 1875 n'kumanga pomwepo. Malungo anawasautsa, ena anamwalira, monga a Dr William Black mu 1877, ndipo manda awo alipo mpaka lero pansi pa phiri. N'chifukwa chake mu 1881 anasamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe mu 1894. Munthu woyamba kubatizidwa, a Albert Namalambe, anabatizidwira komweko. Ife timangoimba za Livingstonia ngati inayambira kumpoto. Ndikufuna ndikaime pamandapo maso anga akadali kuona.

Aphunzitsi: Agogo mwandilanda phunziro. Mandawo ali mbali ya ku Golden Sands, kumene kuli maofesi a paki ndi kanyumba kosungiramo zinthu zophunzitsira za nyanja. Kuchoka apo n'kuyenda pang'ono kukafika ku Otter Point, kumene munthu angaone mbuna osakwera n'komwe boti. Dzina loti Cape Maclear anapereka ndi David Livingstone, potchula mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Ndipo Ilala ya 1875 ija si imene ikuyenda panoyi. Ya panoyi inayamba kuyenda mu 1951, doko lake ndi Monkey Bay.

Mnyamata wa Sipika: Ndiye ulendowu wasanduka wa manda ndi sukulu? Ine ndimaona ngati tikukasangalala. Ndikufunsa poyera, sipika ndinyamule kapena ayi?

Alamu a ku Nankumba: Ndakhala ndikuwerenga chete, koma poti mukukamba za kwathu ndiyankhule. Mayi anga kwawo ndi dera lomwelo kwa T/A Nankumba, ndipo abale anga ena ndi asodzi. Choyamba, achimwene a sipika, kumeneko si gombe lopanda anthu. Chembe ndi mudzi waukulu, ndipo malo ogona alendo ali m'mudzi momwemo, mpanda kugundana ndi nyumba za anthu. Pagombe pomwe inu mukajambulitsepo ndi pomwe amayi amatsuka mbale, kuchapa ndi kusambitsa ana, abambo akusoka maukonde, usipa uli pa thandala. Nyimbo imbani pamalo pamene tagona, mwa muyezo. Kuchilumba ndi ku Otter Point sipika isapite. Ndipo chonde, musakajambule mayi akusamba kapena ana a eni ake osapempha n'kukaika pa Facebook.

Mnyamata wa Sipika: Alamu, ine sindine wachipongwe chotero.

Alamu a ku Nankumba: Sindikunena inu nokha, ndikunena tonse a m'tauni tikaona madzi. Chachiwiri, Aphunzitsi anena zabwino za paki, koma mbali inayo muimvenso. Pakiyi inapeza anthu alipo kale. Midzi ngati Chembe, Msaka, Mvunguti ndi Zambo inatsala mkati, yozunguliridwa ndi malo otetezedwa. Lamulo limati mamita 100 kuchokera pagombe la paki ndi la zilumba osaponyamo ukonde kapena mbedza. Mapiri onse ozungulira ndi a paki, mtengo wauwisi osadula, ndipo mayi akafuna nkhuni zouma ayenera kukhala ndi chilolezo. Tsono taganizani mudzi ukukula chaka ndi chaka, malo olima ndi ochepa, nsomba zofunika kuwamba zikufuna nkhuni. Mkangano ndi a gemu sungathe. Mlendo amabwera masiku awiri n'kumati anthu akuno akuwononga chilengedwe, koma madzulo omwewo akufuna kampango wowamba ndi chambo chotsika mtengo.

Aphunzitsi: Alamu, sindikutsutsani, koma mamita 100 amenewo akapanda kutetezedwa wovutika woyamba ndi msodzi yemweyo. M'mbali mwa miyala ndi m'madzi osaya ndi momwe nsomba zambiri zimaswanirana. Mukakokamo ukonde wa maso ang'onoang'ono, kapena neti ya udzudzu monga ena amachitira, mwakokera limodzi ndi za mawa. Palinso nsomba zina zimene chakudya chake ndi nkhono. Zimenezo zikachepa nkhono zimachuluka, likodzo limene Anamwino akunena lija n'kukwera. Ndiye si nkhani ya azungu okonda tinsomba tokongola yokha.

Alamu a ku Nankumba: Zimenezo asodzi amazidziwa kuposa inu ndi ine, Aphunzitsi. Amaona okha kuti chambo cha masiku ano si cha kale. Funso lawo ndi lakuti ndalama ya pageti ndi ya alendo imafika bwanji pa mbale ya mwana wawo. Munthu amasunga chinthu chimene akudyapo. N'chifukwa chake ndikupempha kuti tikapita tisakanyamule chilichonse kuchokera ku Lilongwe ngati tikupita kuchipululu. Boti tikabwereke la anyamata a pomwepo, otiperekeza akhale a pomwepo, nsomba tikagule kwa asodzi m'mawa akamatsika, ndipo tikapeze mayi wa m'mudzimo atiphikire tsiku limodzi timulipire bwino. Pokambirana mtengo musakafinye munthu mpaka kumusiya ndi ya mafuta okha.

Anaphiri: Apa alamu mwalasa. Koma kunena zoona anyamata ena a pagombe amakakamira, usanatsike n'komwe galimoto akuzungulira kale, uyu boti, uyu zibangili, uyu nsomba.

Alamu a ku Nankumba: Alipo otero, sindikana. Njira yake n'kugwirizana ndi mmodzi wodziwika kudzera pamalo pamene tagona, mtengo n'kumvana tisanakwere, majekete tiwaone ndi maso n'kuwawerenga. Ena onse mukangowauza mwaulemu kuti tapeza kale, amakusiyani.

A Msungichuma: Tsono pageti timalipira tonse? Ngakhale Agogo amene sakulowa m'madzi?

Aphunzitsi:  Kulipira kumabwera mukalowa malo a paki monga ku Golden Sands ndi Otter Point, kapena mukapita kuzilumba. Amayang'anira ndi a nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, ndipo mtengo wa Amalawi ndi wotsika kuposa wa alendo akunja, choncho aliyense anyamule chitupa cha unzika. A Msungichuma muimbe mufunse mtengo wa panopa, ndipo lisiti mukatenge.

Make Tadala: Ine funso langa ndi ng'ona ndi mvuu. Musandibisire.

Alamu a ku Nankumba: M'nyanja ng'ona zilimo mayi, makamaka kumene kuli mabango ndi kumathiriro a mitsinje. Pagombe la Chembe anthu amasamba tsiku lililonse. Lamulo ndi lakuti sambani pamene eni mudzi akusamba, musakafune kamalo kobisika kanokha, ndipo kukada tulukani m'madzi. Zimene mukakumane nazo ndithu ndi anyani. Ku Golden Sands ndi mumsewu wa m'mapiri uja aliko ambiri, ndipo jumbo ya buledi akaiona m'manja mwa mwana amatsomphola. Musawapatse chakudya. Mukaonanso mbira pamiyala, ng'azi, ndipo mukachita mwayi katumbu.

Anamwino: Pa za buledi pomwepo, ndinamva kuti anyamata a maboti amamwaza buledi m'madzi kuti mbuna zisonkhane. Ndi zabwino zimenezo?

Aphunzitsi: Amachitadi, koma ine sindigwirizana nazo. Chakudya cha nsombazo ndi ndere, ndipo n'zambiri kale moti simufunika kuzinyengerera. Ingoyandamani phee pafupi ndi mwala, zibwera zokha. Komanso wina asakatole tinsomba m'botolo kuti akaweta kunyumba, kapena kusiya mabotolo ndi mapepala a pulasitiki pachilumba. Zimene tapita nazo tibwere nazo.

Mnyamata wa Sipika: Nanga ife osafuna manda tikatani tsiku lonse? Kuviika nkhope basi?

Anaphiri: Inu ndi amene mukatope. Kuli timabwato topalasa tobwereka, anthu amapalasa mpaka ku Thumbi kapena ku Domwe nyanja ikakhala bata. Kuli njira zokwera phiri kuseri kwa mudzi, pamwamba pake mumaona gombe lonse ndi zilumba, koma pamafunika wokuperekezani ndipo muyambe m'mamawa chifukwa Okutobala wa ku Mangochi si wa ku Lilongwe. Madzulo mpira pamchenga ndi anyamata a m'mudzi, akakuchinyani bwinobwino. Usiku mukaona nyali za asodzi a usipa zitandandalika panyanja.

Adalaivala: Okutobala ndi nthawi yabwinodi ya boti. Mwera umavuta kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ndiye pofika nthawiyo umakhala utagwa, mvula isanayambe. Komabe mwini boti akati lero nyanja yakwiya, osalimbana naye chifukwa choti talipira kale.

Agogo a Mvano: Ndipo pa Mwala wa Mphini mukaime, uli m'mbali mwa msewu womwewo wolowera ku Chembe. Ana akaone mizere ija, ena amayesa anaijambula ndi anthu.

Aphunzitsi: Ndi nyengo imene inausema mwalawo pa zaka zambirimbiri, Agogo, koma ndi umodzi mwa malo osungidwa ndi boma. Ngati nthawi ilipo pobwerera tingakhotere ku Mua, pafupi ndi Mtakataka, kumene kuli mishoni ya Akatolika ya 1902 ndi malo a KuNgoni osungirako za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Kuchokera pa Golomoti si patali.

Adalaivala: Aphunzitsi, mukawonjezera malo ena awiri tikwera Khwekhwerere ndi mdima. Sankhani, Mua kapena kusamba m'mawa wa tsiku lobwerera.

A Msungichuma: Mua idikire ulendo wina. Ine ndawerengera mwachidule. Tikagona masiku awiri m'zipinda, thumba silikwana ngakhale theka. Tikagona usiku umodzi, achinyamata m'matenti, zipinda n'kusiyira Agogo ndi amayi a ana aang'ono, chotsala tingasonkhe osalira kwambiri. Koma tsiku la anakubala kunyanja kumadzaza, malo tigwiriretu mwezi uno. Mufunsenso ngati malowo ali bwino, paja mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera kwambiri mpaka kulowa m'malo ena ogona a m'mbali mwa gombe.

Alamu a ku Nankumba: Zofunsa malo ndi boti mundisiyire ine, ndiimbira abale mawa. Ndalama nyamulani ina ya m'manja. Airtel Money ndi Mpamba zimagwira, koma netiweki ikadula musakayambe kukangana ndi msodzi nsomba ili m'manja.

Make Tadala: Usiku umodzi wokha, ulendo wonsewo? Tikafika masana, mawa lake masana tanyamuka. Ndiye bola Salima yomweyo.

Adalaivala: Tikanyamuka 5 koloko m'mawa, osati 5 koloko ya pa banki ija, chakudya chamasana tikadyera ku Chembe. Madzulo Otter Point ndi manda, m'mawa mwake boti la ku Thumbi nyanja isanayambe kugwedezeka, 1 koloko tanyamuka.

A Tcheya: Ndaona mbali zonse. Tiyeni tivote. Lembani Cape kapena Senga, osawonjezera ndemanga.

Anaphiri: Cape.

Agogo a Mvano: Cape, mwanawe.

Anamwino: Cape, koma majekete a ana ndikawaona ndekha.

Mnyamata wa Sipika: Cape. Sipika yaing'ono ija yokha, ya m'kosita.

A Msungichuma: Mtima uli ku Senga chifukwa cha buku langali, koma lembani Cape. Osonkha amalize pofika pa 30 Seputembala, ndipo wosamaliza mpando wake tipatsa wina. Sindidzamva zoti ndikupatsani tikafika.

A Tcheya: Make Tadala, tikudikira inu. Enanso amene simunayankhule muli ndi mpaka Lachisanu.

Make Tadala: Lembani ine ndi ana awiri, bambo awo atsala. Koma mpando wakutsogolo ndi wanga, Tadala amasanza pa zokhotakhota. Ndipo Anaphiri, magalasi aja amabwereketsa konko kapena ndikasake ku kaunjika?

Anaphiri: Amabwereketsa konko asisi, koma a ana amavuta kupeza okwana kumaso. Mukawapeza ku kaunjika tengani, mundigulireko ena a mdzukulu wanga ndidzakubwezerani pa banki.